Miyendo ya Tebulo

Mvula yowaza ya ku Mzuzu siodira pakhomo.
Inandipeza ku Luwinga, pensulo ili kukhutu,
ndikupala thabwa la paini la ku Chikangawa
lomwe linali likulirabe utomoni.

Vitumbiko, mwana wanga wachiwiri,
analowa atafungatira mapepala m'jekete
ngati anapiye.
Mawa kukoleji kuli mtsutso, anatero.
Adada, tayerekezani
dziko litagawidwa m'zigawo zodzilamulira,
nyumba za malamulo n'kukhala ziwiri.
Ya pansi iziwerenga mitu:
kochuluka anthu, mipando yambiri.
Ya pamwamba isamawerenge mitu n'komwe.
Chigawo chachikulu ndi chaching'ono
mipando khumi khumi, basi.

Ndinaika chopalira pansi.
Ine za malamulo sindizidziwa, ndinatero,
koma zaka makumi atatu ndakhoma matebulo.
Mwendo wa kukhomo umasenza zigongono za alendo onse,
wa kukhoma umangosunga fumbi ndi kangaude,
komabe ndimaidula mofanana.
Ufupikitse umodzi ndi chala chokha,
tiyi yense ali pantchafu za mlendo.

Ndinawakonda mawu angawo.
Ndinawabwereza kawiri.

Sindinadziwe kuti amayi ake aima pakhomo,
ambulera ikudontha, mulu wa mbatata uli m'jumbo.
Esinala, amene ndinakamutenga ku Thyolo,
kumene nyumba zimagundana mapewa
ndipo maliro amodzi amadzaza phiri.

Anthu si miyendo ya tebulo, anatero.
Kwathu mzere wa voti umazungulira sukulu
mpaka mchira wake kukalowa m'munda wa tiyi.
Ndiye chala changa chodetsedwa ndi inki
chikafika m'nyumba ya pamwambayo
chipepuke, chikhale theka la chanu?
Ndinalakwa chiyani?
Kubadwa pakati pa ambiri?

Nanga ife obadwa pakati pa ochepa? ndinafunsa.
Msewu wa kwa amayi anga ku Nthalire
mvula ikagwa umasanduka mphekesera.
Akati okweza manja akweze,
athu amatha msanga ngati mchere wopempha,
wowerenga asanatembenuze n'komwe tsamba.
Mutu umodzi susenza denga, ndikudziwa,
koma mitu yambiri ikhoza kulisenza
n'kupita nalo kwawo.

Esinala sanaseke.
Anakutumula ambulera panja,
madontho ena n'kugwera pa thabwa langa louma,
ndipo ndikukhulupirira kuti anachitira dala.

Vitumbiko ankalemba zonse,
za ine kumanzere, za amayi ake kumanja,
lilime lili pakona pa mlomo
monga ankachitira ali sitandade wani.
Iwe uli mbali iti? tinamufunsa pamodzi,
koyamba kugwirizana tsiku limenelo.
Mbali timachita maere m'mawa, anayankha.
Koma ndiuzeni kaye:
ine wobadwira pachipatala cha pano,
wolota m'Chitumbuka, wotukwana m'Chilomwe,
mpando wanga uli mwa khumi ati?

Panalibe anayankha.
Minibasi ya ku Ekwendeni inadutsa ikuitana anthu.
Denga la malata linapitiriza kuwerenga madontho,
osafunsa kuti ili lachokera mtambo uti.

Pofuna kutseka nkhani ndinakoka tebulo latsopano,
lomwe ndinamaliza dzulo lake,
kuti aone okha zomwe ndimanena.
Ndinalikhudza pakona.
Linagwedera.

Ndinatenga tepi, kuyeza miyendo yonse inayi.
Yofanana, mpaka pa kamzere komaliza.
Esinala anagwada, nasisita simenti ndi chikhato.
Miyendo ilibe mlandu, anatero,
pansi pano ndi pomwe sipanasalazidwe.
Anang'amba tsamba m'kope la mwana,
sindinaone ngati linali la kumanzere kapena la kumanja,
nalipinda kanayi,
nalilowetsa pansi pa mwendo wolendewera.

Tebulo linaima.
Mpaka lero tikukanganabe
kuti pepalalo linavomereza mawu a ndani.